Mlendo Wodza ndi Kalumo Kakuthwa: Mbiri ya Joan Gamper

Ambiri a inu mwaona anyamata a m'midzi mwathu atabvala malaya a mizere yabuluu ndi yofiira, ndipo mwawamva alikukangana za timu ya mpira ya Barcelona monga ngati iri ya pfuko lao. Maina a osewera ace awadziwa bwino koposa maina a agogo ao. Koma mutawafunsa kuti, "Kodi anaiyamba ndani?" ambiri adzangokanda kumutu. Cifukwa cace mwezi uno tifuna kusimba mbiri ya munthu ameneyo. Iye sanali mbadwa ya mzinda wa Barcelona, kapena ya dziko la Spain m'mene muli mzindawo. Anali mlendo, mnyamata wa zaka 22, wolembedwa nchito ya ukalaliki. Anabzala mtengo, nauthirira pamene unafuna kuuma, koma utakula anamletsa kukhala pa mthunzi wace.

Ubwana wace

Dzina lace lobadwa nalo ndi Hans Gamper. Anabadwa pa 22 Novembala, 1877, m'mzinda wa Winterthur, m'dziko la Switzerland, ndilo dziko laling'ono la mapiri atali pakati pa Ulaya. Ali ndi zaka 8 amace anamwalira ndi cifuwa cacikuru, ndipo atate wace anasamuka ndi ana kunka ku Zürich. Komweko mwanayo anakula, nakonda masewera onse olimbitsa thupi: kuthamanga, kupalasa njinga, ndi mpira wa miyendo, umene masiku amenewo unali cinthu cacilendo cocokera ku England.

M'caka ca 1896 iye ndi anzace anayamba kalabu ya FC Zürich. Kalabu ndilo bungwe la anthu opangana kusonkha ndalama ndi kusunga malamulo amodzi kuti azisewera pamodzi. Anzacewo anamsankha akhale kaputeni wao woyamba, ndiye wotsogolera m'bwalo, asanakwanitse zaka 19. Anaseweranso pang'ono m'timu ya ku Basel. M'caka ca 1897 nchito inamtengera ku Lyon, m'dziko la France, ndipo kumeneko anasewera mpira wina wogwira ndi manja, wochedwa rugby.

Atacoka ku Lyon anafika ku Barcelona, mzinda waukuru wa padoko m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kudzaceza kwa mbale wace Emili Gaissert. Amasimba kuti unali ulendo wopitirira, wa ku Africa kukacita malonda a shuga. Koma mzindawo unamkomera, ndipo anamasula katundu wace nakhala. Anapeza nchito yosunga mabuku a ndalama ku banki ya Crédit Lyonnais ndi ku kampani ya njanji ya ku Sarrià.

Pano tiyenera kufotokoza cinthu cimodzi, pakuti popanda ico mbiri yonseyi siidzamveka. Barcelona ndilo likuru la cigawo ca Spain cochedwa Catalonia. Anthu a kumeneko ali ndi cinenero caocao, cosiyana ndi ca ku Madrid kumene kukhala boma. Ali nayonso mbendera yao, ya mizere inai yofiira pa nsaru yacikasu. Ndipo kwa zaka zambiri akhala alikukangana ndi boma pa nkhani ya cinenero ndi ya kudzilamulira. Gamper anaphunzira cinenero cao, nacilankhula tsiku ndi tsiku, kotero kuti eni dziko anamucha Joan, ndilo Yohane m'cinenero cao, monganso Hans ali Yohane m'Cijeremani.

Mau ocepa m'nyuzipepala

Gamper anali Mprotestanti m'dziko limene pafupifupi anthu onse anali Akatolika. Anapemphera ndi kagulu ka anthu akwao a ku Switzerland, ndipo pakati pa anyamata a m'mipingo ya alendo ndi pamene anapeza oyamba kumenya nao mpira. Koma anali owerengeka, ndipo mpira sausewera munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono pa 22 Okutobala, 1899, m'nyuzipepala ya zamasewera yochedwa Los Deportes munaturuka mau ocepa, mizere yowerengeka yokha. Anati mnyamata wina wa ku Switzerland afuna kukonza masewera a mpira, ndipo ali yense woukonda afike ku ofesi ya nyuziyo Laciwiri kapena Lacisanu usiku, kuyambira 9 koloko kufikira 11 koloko. Osindikiza analakwitsa ndi dzina lace lomwe, pakuti analemba Kans Kamper.

Pa 29 Novembala, 1899, amuna 12 anasonkhana m'nyumba yolimbitsiramo thupi yochedwa Gimnasio Solé. Ena anali a ku Switzerland, ena Angelezi, wina Mjeremani, ndi ena eni dziko. Usiku umenewo anayamba Foot-Ball Club Barcelona. Onani kuti sanaicha dzina la mtundu wa alendowo, kapena la mpingo, kapena la kampani, koma dzina la mzinda, kuti ali yense wokhala m'mzindamo aiyese yace. Walter Wild anasankhidwa akhale wapampando woyamba, ndipo Gamper anakhala kaputeni. Malaya ao oyamba anali ogawika pakati, mbali yina yabuluu, yina yofiira modera.

Masewera oyamba anacitika pa 8 Disembala, 1899, pa bwalo lothamangirapo njinga ku Bonanova. Anakumana ndi Angelezi okhala m'mzindamo, nagonja ndi cigoli cimodzi kwa cabe. Cotero timu imene pambuyo pace inadzagonjetsa Ulaya yense inayamba mbiri yace ndi kugonja.

M'bwalo

Gamper anasewera kutsogolo, ndipo pakati pa anzace panalibe wofanana naye. Kuyambira 1899 kufikira 1903 anasewera masewera pafupifupi 50, namwetsa zigoli zoposa 100. Ndipo panali tsiku limene iye yekha anamwetsa zigoli 9. Tisaiwale kuti mpira wa masiku amenewo unali wa anthu ongophunzira kumene, ndipo amene anaudziwa kale anapambana kutali. Osewera sanalandire malipiro. Anali akalaliki, amalonda ndi ana a sukulu, amene anasewera ataweruka ku nchito, pa mabwalo obwereka, lero pano, mawa uko.

M'caka ca 1902 analandira cikho cao coyamba, cochedwa Copa Macaya. Caka comweco anapita ku Madrid ku mpikisano wokondwerera kulongedwa ufumu kwa Alfonso XIII. Anafika ku masewera otsiriza, koma anagonja kwa timu ya Bizcaya ndi zigoli 2 kwa 1. M'caka ca 1903, ali ndi zaka 25 zokha, Gamper analeka kusewera kuti asamale malonda ace. M'caka ca 1907 anakwatira Emma Pilloud, mkazi wa kwao ku Switzerland, ndipo anabala ana amuna awiri.

Mbiri yace ikadathera pamenepa, tikadati anali mnyamata wodziwa mpira amene anayamba kalabu, monga anayamba ena ambiri. Pakuti m'zaka zimenezo m'Barcelona munabadwa makalabu ambiri, ndipo ocuruka a iwo anafa, naiwalika ndi maina omwe. Kuyamba cinthu sikubvuta kwambiri. Cobvuta ndi kucinyamula pamene oyamba nao atopa.

Usiku wa anthu 38

Gamper atacoka m'bwalo, zinthu zinayamba kubwerera m'mbuyo. Zikho zinaleka kubwera, osewera abwino anabalalika, ndalama zinatha, ndipo mamembala anacoka mmodzi mmodzi. Pofika kumapeto kwa caka ca 1908 anatsala 38 okha. Wapampando, Vicenç Reig, anatula pansi udindo atangokhala masiku 22. Pa 2 Disembala anaitanitsa msonkhano, ndipo ambiri anadza alikudziwa kuti adzera kudzaika maliro a kalabu.

Pamene kunafunsidwa ngati alipo wina wofuna kusenza katunduyo, onse anakhala cete. Pamenepo Gamper anaimirira, nanena kuti kalabuyo siiyenera kufa, ndi kuti ngati palibe wina, iye mwini adzaisenza kuyambira tsiku lomwelo. Tsono anayamba nchito yosaoneka ndi anthu, yopanda woombera m'manja: kufunafuna mamembala akale ndi kuwadandaulira abwerere, kupempha thandizo kwa anthu acuma, ndi kuikapo ndalama za m'thumba mwace. Pasanapite nthawi yaitali mamembala anapitirira 200.

Iye anaona kuti bungwe losowa pokhala silikhalitsa. Cifukwa cace m'caka ca 1909 anapezera kalabu bwalo lokhazikika, pa mseu wochedwa Indústria, lokwana anthu 6,000. M'caka ca 1910 anatenga cikho ca dziko lonse la Spain nthawi yoyamba. Caka comweco anasankha cizindikiro ca pamtima pa malaya, cimene maonekedwe ace sanasinthe kwambiri kufikira lero. Pamwamba pace pali mtanda wofiira ndi mizere ya mbendera ya Catalonia.

Gamper anakhala pa mpando kasanu: 1908 kufikira 1909, 1910 kufikira 1913, 1917 kufikira 1919, 1921 kufikira 1923, ndi 1924 kufikira 1925. Apa pali cinthu coyenera kucisamala. Iye sanaumirire mpando monga cuma ca makolo ace. Zinthu zikayenda bwino anali kuusiyira ena. Zikabvuta anali kubwerera. Ndipo sanailembe kalabuyo m'dzina lace ngati sitolo. Inakhala ya mamembala, amene anasonkha ndalama nasankha okha atsogoleri ao.

Zaka za kukolola

M'masiku ace anadza osewera amene maina ao akali kukumbukika. M'caka ca 1912 analowa Paulino Alcántara, wobadwira ku zisumbu za Philippines, mwana wa zaka 15, amene anamwetsa zigoli zitatu pa tsiku lace loyamba; m'moyo wace anamwetsera kalabuyo zigoli zoposa 350, ndipo panapita zaka zambiri wina asanampose, kufikira Lionel Messi m'caka ca 2014. Mngelezi Jack Greenwell anaikidwa akhale mphunzitsi wa timu. M'caka ca 1919 anadza Josep Samitier, ndi Ricardo Zamora woima pagolo.

Anthu oonerera anacuruka kotero kuti bwalo la ku Indústria linacepa. Gamper anatsogoleranso nchito yosonkha ndalama, ndipo pa 20 Meyi, 1922, anatsegula bwalo latsopano la Les Corts, lokwana anthu oposa 20,000. Alendo a tsiku limenelo anali timu ya St Mirren ya ku Scotland. Pofika 1924, pamene kalabu inakwanitsa zaka 25, mamembala anali oposa 12,000. Bungwe lomwe lija la anthu 38! Pamenepo eni dziko akadatha kunena monga anena akuru athu, kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Koma m'kukula momwemo munali mbeu ya tsoka lace. Gamper anamangiriza kalabu ku mtima wa anthu a Catalonia. Makalata a kalabu anayamba kulembedwa m'cinenero cao, ndipo m'caka ca 1918 kalabu inabvomerezana poyera ndi iwo amene anapempha boma kuti cigawoco cidzilamulire pa zinthu zace. Kuyambira pamenepo Barcelona siinali timu ya mpira cabe. Inasanduka pakamwa pa mtundu wa anthu.

Tsiku la nyimbo ziwiri

M'mwezi wa Seputembala, 1923, mkuru wa asilikari Miguel Primo de Rivera analanda boma la Spain, mfumu Alfonso XIII nimbvomereza. Iye analetsa mbendera ya Catalonia, naletsanso cinenero cao pa misonkhano ya boma. Anthu anasunga mkwiyo m'mimba, pakuti panalibe poulankhulira.

Pa 14 Juni, 1925, pa bwalo la Les Corts panali masewera a Barcelona ndi timu ya Júpiter, ocitira ulemu kwaya yochuka ya m'mzindamo, Orfeó Català. Panasonkhana anthu pafupifupi 14,000. Oimba malipenga a tsikulo anacokera pa sitima ya nkhondo ya Angelezi imene inakoceza padoko. Iwo, posadziwa za m'mitima ya eni mudzi, anayamba nyimbo ya ufumu wa Spain. Ndipo khamu lonse linaikuwiza ndi malikhweru. Pamene anaimba nyimbo ya kwao ku England, khamu lomwelo linaomba m'manja.

Boma linapsa mtima. Kazembe wa boma m'Barcelona, Milans del Bosch, analamula kuti kalabu itsekedwe miyezi 6. Ndipo popeza sikutheka kulanga anthu 14,000, anafuna mutu umodzi wosenza mlandu wa onse. Mutuwo unali wa mlendo. Anamnenera Gamper kuti ndiye wosonkhezera mtima wopatukana ndi Spain. Anamkakamiza kutula pansi udindo ndi kuturuka m'dziko, ndipo anabwerera ku Switzerland. Iye amene anakhala m'Barcelona zaka zoposa 25, nalankhula cinenero cao, nabala ana momwemo, anakumbutsidwa tsiku limodzi kuti ali wobwera.

Pambuyo pace anamlola kubweranso, koma pa pangano lowawa: asakhudzenso kanthu kali konse ka kalabu. Taganizani, abale, munthu womanga nyumba ndi manja ace, nakhala m'mudzi momwemo, namva phokoso la cikondwerero liri kuturuka m'nyumbayo, koma iye wosaloledwa kunenapo liu. M'caka ca 1929 kunayamba mpikisano waukuru wa matimu a dziko lonse la Spain, wochedwa La Liga, ndipo woyamba kuupambana anali Barcelona. Mtengo unabala zipatso, koma woubzala anaima patali.

Imfa yace

Cakudza siciimba ng'oma. M'mwezi wa Okutobala, 1929, malonda a dziko lapansi anagwa, kuyambira ku New York. Masiku amenewo anthu acuma ambiri anali kugula magawo a makampani, ndiko kupereka ndalama kuti adzagawane phindu. Mitengo ya magawowo itagwa mwadzidzidzi, mapepala amene dzulo anali cuma anasanduka mapepala cabe. Gamper anali mmodzi wa iwo amene anataya cuma cao m'tsoka limeneli.

Tsono zinamgwera ziwiri pamodzi: nchito ya moyo wace anamlanda, ndi cuma cace cinatha. Mtima wace unalowa mumdima waukuru, nthenda ija ya cisoni imene siioneka pakhungu, koma ilemera koposa mtolo wa nkhuni zaziwisi. Pa 30 Julayi, 1930, anadzipha m'nyumba mwace m'Barcelona, ali ndi zaka 52. Sitilemba ici kuti timweruze, kapena kuti tiyamikire njira imene anatenga, pakuti inasiya mkazi wamasiye ndi ana m'misozi. Tilemba cifukwa ndi coona, ndipo mbiri yobisa cowawa siiphunzitsa munthu. Pa maliro ace panadza khamu lalikuru la anthu, namperekeza ku manda a pa phiri la Montjuïc, moyang'ana nyanja.

Ulemu wocedwa

Ngakhale atafa, dzina lace linali lobvutabe kwa olamulira. M'caka ca 1936 m'Spain munabuka nkhondo ya paciweniweni, ndipo caka comweco wapampando wa kalabu, Josep Sunyol, anaphedwa ndi asilikari a mbali ya Francisco Franco. Franco atapambana m'caka ca 1939, analamulira kufikira imfa yace m'caka ca 1975, napondereza cinenero ca Catalonia koposa kale. Pamene kalabu inamanga bwalo lace lalikuru, lokwana anthu oposa 90,000, limene linatsegulidwa pa 24 Seputembala, 1957, atsogoleri ace anafuna kulicha dzina la Gamper. Koma a boma sanalole. Anthu anangolicha Camp Nou, ndiko kunena Bwalo Latsopano, ndipo dzina limenelo linakhazikika. Cotero dzina la bwalo lochukalo liri ngati cipsera, cokumbutsa dzina lina limene linakanidwa.

Ulemu unadza pang'ono pang'ono. M'caka ca 1966 wapampando Enric Llaudet anayambitsa cikho ca Joan Gamper, cimene acilimbirana poyamba nyengo ya mpira. M'caka ca 2006 anatsegula malo akuru ophunzitsirapo osewera ku Sant Joan Despí, nawacha dzina lace. Mseu wina wa ku Les Corts uli nalonso dzina lace.

Koma cikumbutso cace ceniceni si cikho kapena mseu ai. Ndico cikhalidwe cimene anaciika pa ciyambi. Makalabu ambiri akuru a ku Ulaya anagulidwa ndi anthu acuma. Koma Barcelona inakhalabe ya mamembala ace, amene anacuruka kupitirira 100,000, ndipo ndiwo asankha wapampando ndi mavoti ao. Khomo limene mlendo uja analitsegulira anthu a mitundu yonse silinatsekedwe. Kalabuyo inatenga cikho cacikuru ca Ulaya m'zaka za 1992, 2006, 2009, 2011 ndi 2015. Ndipo pa masewera otsiriza a 2006 ndi a 2009, mmodzi wa omwetsa zigoli anali mwana wa Africa, Samuel Eto'o wa ku Cameroon. Gamper sanafike ku Africa kuja amati analinkunka, koma Africa inadza ku bwalo lace.

Cotsalira kwa ife

Poiyang'ana mbiri yonseyi, masiku atatu aoneka poyera. Loyamba ndi la 1899, pamene mnyamata anaitana anzace. Limenelo ndi tsiku lokoma, ndipo ambiri alikhoza. Laciwiri ndi la 1908, pamene onse anakhala cete, mmodzi naimirira. Limenelo alikhoza owerengeka, ndipo ndilo linapulumutsa kalabu. Lacitatu ndi la 1930, pamene anthu zikwi anadza ku maliro a munthu amene zaka zisanu anakhala wopatulidwa ku nchito yace. Zoona, lamulo la boma linali loopsa, ndipo sitinganene kuti onse anamtaya. Koma khamu la pa maliro silikadatha kumbweza.

M'midzi mwathu momwe alimo anthu otere. Alipo amene anaumba njerwa za sukulu imene ana athu aphunziramo, amene anakumba citsime cimene timwapo, amene anasadza bwalo limene anyamata amenyerapo mpira. Ena a iwo anali obwera. Ena anacotsedwa pa mpando ndi milandu imene sanaipalamule okha. Lero akalamba, cuma cinawathera, ndipo akhala pakhonde cete, alikumva phokoso la nchito imene anaiyamba. Tsiku la maliro ao tidzasonkhana tonse, ndipo akuru adzaimirira kusimba zabwino zao zonse. Koma mwini wace sadzamva kanthu.

Cifukwa cace, wowerenga iwe, ngati umdziwa wina wotere, usadikire tsikulo. Pita ukamuone sabata yomwe ino, ukhale naye pamphasa, umfunse m'mene zinayambira. Ndipo ukaona kuti mtima wace walemedwa, usamsiye yekha, koma uitane abale ndi odziwa kuthandiza. Ndipo mnyamata wobvala malaya a buluu ndi kufiira akadutsa pakhomo pako, muitane, umuuze dzina la Joan Gamper.